Kusankha distance driver ya disc golf yogwirizana ndi mkono wanu ku Chigwa cha Shire

Munthu amene wayamba kumene kusewera disc golf, masewera oponya madisiki apulasitiki molunjika ku basiketi, sachedwa kukhumba disiki yopita patali yotchedwa distance driver, ndipo akaona pa foni mmene akatswiri a ku America ndi ku Finland amaponyera, amaganiza kuti chinsinsi chonse chili m'disiki imene agwira m'manjamo. Kuno ku Chigwa cha Shire chikhumbo chimenechi chimadula, chifukwa madisiki si katundu amene mungampeze pa msika wa Ngabu kapena m'mashopu a pa Nchalo. Amachita kuitanitsidwa kunja, mwina kudzera mwa mbale amene ali ku Joni kapena mnzathu amene akubwera kuchokera ku Ulaya, ndipo munthu akasankha molakwika amakhala miyezi yambiri ndi disiki yosamuthandiza, ndalama zitapita kale. Mfundo imene ndikufuna kuti igwiritsitsidwe poyerekeza madisiki amenewa ndi yakuti nambala ya liwiro yolembedwa pa disiki si liwiro limene disikiyo ikupatseni, koma ndi liwiro limene ikufuna kuchokera ku mkono wanu kuti iuluke monga anaikonzera.

Masewerawa anatengera malamulo a gofu: woponya amayambira pamalo oikika, n'kumaponya mpaka disiki italowa mu basiketi yachitsulo ya matcheni, ndipo wopambana ndi amene wamaliza ndi maulendo ochepa. Ed Headrick anakonza bwalo loyamba lokhazikika ku Oak Grove Park ku California mu 1975, ndipo mu 1976 anakhazikitsa bungwe la PDGA limene limayendetsa masewerawa mpaka lero. Koma mbiri ya ma driver, madisiki oponyera patali, inayamba mu 1983, pamene Dave Dunipace wa kampani ya Innova anatulutsa disiki ya mkombero wosongoka wotha kudula mpweya. Kuyambira nthawi imeneyo makampani akhala akukulitsa mkomberowo, chifukwa ukakhala wotambalala kulemera kwambiri kumakhala m'mphepete ndipo disiki imasunga liwiro kwa nthawi yaitali. PDGA inaika malire akuti mkombero usapitirire masentimita 2.6, ndipo ma distance driver a liwiro lalikulu ali pafupi ndi malire amenewo.

Nambala zinayi zimene zimalembedwa pa madisiki ambiri zinayambitsidwa ndi Innova, ndipo makampani ena anazitengera. Yoyamba ndi speed, imene ku Innova imachokera pa 1 kufika pa 14, ndipo imayendera limodzi ndi kutambalala kwa mkombero. Yachiwiri ndi glide, kuchokera pa 1 kufika pa 7, yosonyeza mmene disiki imakhalitsira m'mwamba. Yachitatu ndi turn, kuchokera pa +1 kufika pa -5, ndipo imanena za kupendekera kwa disiki pachiyambi pa ulendo, pamene liwiro lili lalikulu. Yachinayi ndi fade, kuchokera pa 0 kufika pa 5, yonena za mmene disiki imakhotera kumapeto liwiro likamatha. Kwa munthu woponya ndi dzanja lamanja mwa backhand, ndiye kuti mokoka disiki kudutsa pachifuwa kumbuyo kwa dzanja kukutsogola, turn imapititsa disiki kumanja ndipo fade imaibweza kumanzere. Wamanzere, komanso woponya ndi dzanja lamanja mwa forehand, ndiye kuti cham'mbali chikhatho chikutsogola, amaona zosemphana ndi zimenezi. Disiki imene imakana kupendekera n'kukhota mwamphamvu kumapeto amati ndi overstable, pamene imene imapendekera mosavuta amati ndi understable.

Tsono nambala zonsezi zimakhala zoona pokhapokha disiki itaponyedwa ndi liwiro loiyenera. Munthu wa mkono umene sunakhwime akaponya disiki ya speed 13, disikiyo siifika pa liwiro loti turn iyambe kugwira ntchito, choncho imalowa mu fade ikangochoka m'manja, n'kukhotera kumanzere, n'kugwa isanapite kulikonse. Zili ngati wakabaza wokwera chitunda cha Thabwa ali pa giya yolemera: giyayo ndi yothamanga ndithu, koma kwa miyendo yokhayo imene ingathe kuipalasa. Choopsa china n'chakuti woponya akaona disiki ikugwera kumanzere nthawi zonse amayamba kupotoza dzanja ndi kupendeketsa thupi kuti aiwongole, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchichotsa kuposa kuphunzira bwino kuyambira pachiyambi.

N'chifukwa chake musanatumize uthenga kwa aliyense woti akugulireni disiki, muyambe mwayeza mtunda umene mumaponya. Bwalo la mpira wamiyendo ndi muyezo wabwino umene pafupifupi mudzi uliwonse uli nawo, popeza bwalo lokwanira limatalika mamita apakati pa 100 ndi 110, ngakhale kuti mabwalo ambiri a pasukulu ndi aafupi ndipo ndi bwino kuwayeza ndi mapazi kapena ndi foni. Pitani m'mawa kusanatenthe komanso mphepo isanayambe, imani pamzere wa golo, ndipo muponye kangapo. Musawerengere kuponya kumodzi kumene kunapita patali mwamwayi, koma pamene disiki imagwera kawirikawiri. Mtunda umenewo ndiwo mkono wanu wa lero, ndipo ndiwo uyenera kusankha disiki.

Mukadziwa mtundawo pali njira zinayi. Njira yoyamba ndiyo kusagula distance driver pakadali pano, ndipo ndikuika patsogolo chifukwa ndi imene ikuyenera anthu ambiri ngakhale kuti ndi imene safuna kuimva. Ngati disiki yanu imagwera chapakati pa bwalo kapena kupitirira pang'ono, ndiye kuti mamita 50 mpaka 70, fairway driver, disiki ya mkombero wocheperapo, monga Leopard ya Innova, ya nambala 6, 5, -2, 1, kapena Diamond ya Latitude 64 ya ku Sweden, ya 8, 6, -3, 1, idzapita patali kuposa distance driver iliyonse imene mungagwire. Ngakhale midrange, disiki ya mtunda wapakatikati, monga Buzzz ya Discraft, ya 5, 4, -1, 1, ikhoza kufika pomwepo ndipo imaonetsa poyera cholakwika chilichonse cha dzanja, zomwe zimathandiza wophunzira. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti madisiki amenewa ali ndi malire, ndipo mkono ukakula mudzafuna ina, komabe sadzakhala opanda ntchito, chifukwa ndi amene mudzaponyere pamalo opanikiza pakati pa mitengo.

Njira yachiwiri ndi madisiki a speed 9 ndi 10 amene ali understable, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa kwa munthu amene amaponya mamita 75 mpaka 100 palibe gulu lina lomuposa limeneli. Mkombero wake ndi wa masentimita 1.8 mpaka 2.0, umene zala za anthu ambiri, kuphatikizapo amayi ndi achinyamata, zimaugwira bwino osatopa. Valkyrie ya Innova, ya 9, 4, -2, 2, ndi imene ili pakatikati: imapendekera kumanja pang'ono, kenako n'kubwerera kumanzere, ndipo njira yokhotakhota imeneyi ndiyo imawonjezera mtunda. Amene akuiona ngati disiki ya ana akumbukire kuti mu 2002 Christian Sandström wa ku Sweden anaiponya mamita 250, umene unali mtunda wopambana padziko lonse pa nthawi imeneyo. Sidewinder, ya 9, 5, -3, 1, ndi yosavuta kuposa Valkyrie chifukwa imapendekera msanga ndipo imagwa mofatsa, choncho imayenera amene ali kumunsi kwa gululi. Roadrunner, ya 9, 5, -4, 1, ndiye imapendekera kwambiri, moti munthu wongofika mamita 75 amaiona ikuuluka molunjika, koma mkono ukangokula pang'ono imayamba kugudubukira kumanja n'kugwa chammbali. Heat ya Discraft, ya 9, 6, -3, 1, imafanana ndi Sidewinder koma imakhalitsa m'mwamba, pamene Beast ya Innova, ya 10, 5, -2, 2, ndi ya amene akuyandikira mamita 100.

Munthu atandifunsa kuti nditchule imodzi yokha pa gulu limeneli, ndingatchule Valkyrie kwa amene wafika mamita 85 kapena kuposerapo, ndi Sidewinder kwa amene sanafike. Chifukwa chake n'chakuti Valkyrie imakula limodzi ndi mwini wake: lero imauluka molunjika n'kutsikira kumanzere, chaka chamawa mkono utalimba idzakhala disiki yokhotetsera kumanja pozemba mitengo, ndipo pa nthawi zonse ziwirizi ili ndi ntchito. Kwa ife amene sitingagule disiki mwezi uliwonse, zimenezi n'zofunika kuposa mamita asanu owonjezera.

Njira yachitatu ndi madisiki a mkombero wotambalala koma opendekera mosavuta, monga Mamba ya Innova, ya 11, 6, -5, 1, Hades ya Discraft, ya 12, 6, -3, 2, ndi Shryke ya Innova, ya 13, 6, -2, 2. Amenewa anakonzedwa kuti munthu wa mphamvu zapakatikati alaweko liwiro la madisiki akuluakulu, ndipo n'zoona kuti pabwalo lotseguka, mphepo ikuchokera kumbuyo, amene amafika mamita 100 akhoza kuwonjezera mtunda nawo. Koma sakhululuka. Mphuno ya disiki ikangoloza m'mwamba pang'ono potuluka m'manja, disiki yotambalala mkombero imakwera, n'kutaya liwiro, n'kugwa kumanzere, ndipo mphepo yochokera kutsogolo ikaipeza imaitembenuzira kumanja mosalamulirika. Mtunda umene amapereka umabwera lero n'kusowa mawa, ndipo pamene pali minda ya anthu kapena zitsamba zaminga m'mbali mwa bwalo, kusadalirika kotereku kumasowetsa madisiki. Ndimawaona oyenera kukhala disiki yachiwiri ya munthu amene ali kale ndi ya speed 9 imene amailamulira bwino.

Njira yachinayi ndi imene maso a ambiri amathamangirako: Wraith ya 11, 5, -1, 3, Destroyer ya 12, 5, -1, 3 imene Innova inatulutsa mu 2007, Zeus ya Discraft ya nambala zomwezo, komanso Boss ndi Nuke, zonse za 13, 5, -1, 3. Awa ndi madisiki a akatswiri, odalirika mumphepo, okhota mofanana nthawi zonse, ndipo Boss ndi imene David Wiggins Jr. anaponya mamita 338 ku Nevada mu 2016, mothandizidwa ndi mphepo yamphamvu ya m'chipululu. Amafuna mkono wodutsa bwalo lonse la mpira mosavutikira, ndiye kuti mamita 110 mpaka 120 kupita m'tsogolo. Wraith ndiyo khomo lolowera m'gululi chifukwa mkombero wake wa masentimita 2.1 ndi wogwirika, pamene wa Boss ndi Nuke, wa masentimita 2.5, umavuta ngakhale kwa anthu a zala zazitali. Amene sanafike pamenepa asapusitsidwe ndi kufanana kwa nambala ya turn, chifukwa -1 ya pa Destroyer imaoneka pokhapokha disikiyo itathamanga mokwanira.

Oponya mwa forehand ali ndi nkhani yawoyawo. Poponya motero disiki siizungulira kwambiri ndipo kawirikawiri imatuluka ikunjenjemera, choncho ya understable kwambiri imatembenuka msanga. Ambiri amakonda disiki yafulati pamwamba komanso yosapendekera msanga, monga Thunderbird ya 9, 5, 0, 2, kapena Firebird ya 9, 3, 0, 4 ikakhala mphepo yamphamvu, ngakhale kuti Firebird siipita patali.

Dzina la disiki likadziwika, patsala kulemera kwake, ndipo apa ndi pamene wotumidwa kukagula amasokoneza ngati sanauzidwe bwino. Ma driver ambiri amalekezera pa magalamu 175, koma disiki ya dzina lomwelo imapezekanso ya magalamu 150 kapena 160. Yopepuka imafika msanga pa liwiro limene ikufuna, choncho imapita patali m'manja mwa woyamba kumene, koma mphepo imaitenga mosavuta. Kwa mwamuna wamkulu amene akuphunzira, magalamu 160 mpaka 168 ndi abwino, pamene amayi ambiri, ana ndi achikulire amapindula ndi 150 mpaka 160. Innova ili ndi pulasitiki yotchedwa Blizzard, yokhala ndi timatumba ta mpweya mkati, imene imachititsa kuti disiki ya mkombero waukulu ipepuke kwambiri, koma kupepukako sikuchepetsa kutambalala kwa mkombero, ndipo vuto la mphuno yoloza m'mwamba limakhalapobe. Potumiza uthenga mulembe zinthu zitatu, dzina la disiki, mtundu wa pulasitiki ndi magalamu, chifukwa wogulitsa akapanda kuuzidwa angapereke yolemera kwambiri imene ili pafupi.

Pa nkhani ya pulasitiki, dziko lathu lino ndi limene liyenera kulamula. DX ya Innova ndi yotsika mtengo, pafupifupi theka la mtengo wa mapulasitiki apamwamba, ndipo imagwirika bwino m'manja, koma ndi yofewa. Nthaka ya makande ya cha ku Ngabu ikauma m'chilimwe imalimba n'kung'ambikang'ambika, mabwalo athu ambiri alibe kapinga, ndipo mitengo yaminga ili paliponse. Disiki ya DX ikamenya nthaka yotere kwa milungu ingapo mkombero wake umakumbika, ndipo disiki yokumbika imasanduka understable kuposa mmene inalili, moti Sidewinder imene inkauluka molunjika imayamba kugudubuka. Champion ya Innova, Z ya Discraft ndi Opto ya Latitude 64 ndi zolimba kwambiri ndipo zimasunga kaulukidwe kake kwa zaka, koma zimaterera m'manja a thukuta, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, thukuta silisowa. Komanso disiki ya Champion ikakhala yatsopano imakonda kukhala overstable kuposa mmene nambala zake zikunenera. Star ya Innova ndi ESP ya Discraft zili pakati: zimapirira nthaka yolimba ndipo zimagwirika bwino. Ine ndimaona kuti kugula Star imodzi n'kwanzeru kuposa kugula DX ziwiri, ndipo kansalu kopukutira m'manja kasamasowe m'chikwama. Disiki isasiyidwe padzuwa pamwamba pa malata kapena m'galimoto yotseka, chifukwa pulasitiki ikatentha imafewa n'kupindika, ndipo yopindika siiulukanso mokhulupirika.

Mpweya nawonso uli ndi gawo lake. Mphepo yochokera kutsogolo imachititsa disiki kukhala ngati yaponyedwa ndi liwiro lalikulu, choncho imapendekera kumanja kuposa masiku onse, pamene yochokera kumbuyo imaichititsa kukhala overstable n'kuikanikizira pansi. Ichi ndi chifukwa chake amene ali ndi madisiki awiri amaponya ya overstable polimbana ndi mphepo ndi ya understable potsatana nayo. Kutsika kwa chigwa chathu kumakhudzanso nkhaniyi. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene malo otsika kwambiri m'Malawi muno, pamene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique kumunsi kwa Nsanje, ali pa mamita 37 okha. Mpweya wa kumalo otsika ndi wolemererapo, ndipo mu mpweya wotero disiki imauluka mokhalitsa komanso imapendekera msanga. Kutentha kwa masana kumaupepuzako mpweyawo, koma m'mawa wa mwezi wa Juni disiki imene mnzanu wa kumtunda amati ndi yolunjika ikhoza kukupendekerani pang'ono kuno. Kusiyanaku si kwakukulu, komabe n'kokwanira kuti amene akukayika pakati pa Roadrunner ndi Sidewinder asankhe Sidewinder.

Pali madisiki oyandama pamadzi, monga Dragon ya Innova, ya 8, 5, -2, 2, ndipo wina angaganize kuti ndiyo yoyenera dera la mitsinje ndi madambo. Ingathandize pa ngalande yothirira kapena pa zithaphwi za m'dzinja, koma mumtsinje wa Shire ndi m'Dambo la Njovu muli ng'ona ndi mvuu, ndipo disiki yogwera mmenemo, iyandame kapena imire, iyenera kusiyidwa. Ndikupempha makamaka akuluakulu amene amasewera ndi ana kuti aike malo oponyera kutali ndi madzi amenewa, ndipo asatume mwana kukatola. Za mtundu, pinki, buluu wowala ndi olenji zimaoneka msanga, pamene yobiriwira imabisala m'dzinja ndipo yachikasu imasowa mu udzu wouma wa m'chilimwe. Kunsi kwa disiki mulembe dzina lanu ndi inki yosafufutika, popeza malamulo a PDGA amafunanso kuti disiki ikhale ndi chizindikiro cha mwini wake pa mpikisano.

Nthawi yokwera kupita ku gulu lotsatira imadziwika ndi kaulukidwe ka disiki imene muli nayo kale. Ngati Valkyrie yanu, isanakumbike, yayamba kupendekera kumanja osabwereranso ngakhale mwaiponya yafulati tsiku lopanda mphepo, ndipo ikudutsa golo yatsidya kawirikawiri, ndiye kuti mkono wapitirira disikiyo ndipo Wraith ya magalamu 165 mpaka 170 ndiyo yoitanitsa. Koma muyambe mwapempha mnzanu kuti akujambuleni ndi foni kuchokera kumbuyo, chifukwa disiki imathanso kupendekera kumanja kaamba ka dzanja lopotoka potulutsa. Ngati pa kanemayo disiki ikuoneka ikutuluka yonjenjemera kapena yopendekeka kale, ndalama ya Wraith idikire, ndipo mubwerere kaye ku midrange mpaka iziuluka molunjika kuchokera pa golo kufika kupitirira pakati pa bwalo.